Batire la lithium pa njinga yamoto: zimene ndaona pa miyezi 20 m'misewu ya Harare

Ntchito yanga ndi yonyamula katundu wamng'ono pa njinga yamoto kuchokera m'mashopu ndi m'mafakitale a ku Graniteside, Msasa ndi Southerton n'kukamutula kwa eni ake, ndipo tsiku limene ntchito yachuluka ndimaima malo oposa 30. Paliponse pamene ndaima ndimathimitsa injini kuti petulo asawonongeke, kenako ndimailizanso pakapita mphindi zisanu kapena khumi, kawirikawiri kuti ndingoyenda makilomita awiri kapena atatu n'kuimanso. Mayendedwe otere amatopetsa batire, chifukwa sitata imakoka moto wambiri nthawi imodzi pamene injini siyenda nthawi yokwanira yoti ibweze motowo. Papita miyezi 20 chichotsereni batire la asidi pa njinga yanga, yomwe ndi ya 150cc, n'kumangapo la lithium, ndipo anzanga ambiri a ntchito yomweyi, makamaka ife olankhula Chichewa a ku Mabvuku ndi ku Tafara, akhala akundifunsa ngati batire lotereli ndi loyenera ndalama zake.

Ndisanasinthe, ndidagula mabatire a asidi anayi pa zaka zitatu, lililonse pa mtengo wa pafupifupi madola 25 a ku America, ndipo onsewo adafa imfa yofanana. Poyamba pa mitu yake pankamera ufa woyera wonga phulusa, umene unkadya mabawuti ndi nthambo. Kenako madzi ankaphwa m'maselo, moti mwezi sunkatha ndisanathiremo ena. Pomaliza sitata inkayamba kulira mofooka, mpaka tsiku lina n'kungoti kha kha osatembenuza injini. Lomaliza lidafa mu Okutobala, mwezi umene dzuwa limaswa mtengo kuno, ndili pageti la kasitomala ku Avondale, ndipo ndidaponda kiki mpaka thukuta kamukamu, mwini katundu ataima potero akundiyang'ana. Pa nthawiyo ndinkaloza chala maenje a m'misewu ndi kusalimba kwa mabatire a masiku ano, osadziwa kuti gwero la vutolo lidali pa njinga yanga yomwe.

Maganizo oyesa lithium adachokera kwa mlamu wanga amene amagwira ntchito pafamu ku Alberta, m'dziko la Canada. Kumeneko m'nyengo yozizira amayenda pa snowmobile, chombo chokhala ndi mpando ndi zigwiriro ngati za njinga yamoto, koma chimene kutsogolo chili ndi mapazi awiri otsetsereka ndipo kumbuyo chili ndi lamba wamkulu wa mphira wokankha chipale. Zombo zotere zidayamba kufala mu 1959, pamene kampani ya Joseph-Armand Bombardier ya ku Valcourt, m'chigawo cha Quebec, idayamba kupanga Ski-Doo. Mlamu wangayo adandiuza palamya kuti adachotsa batire la asidi lolemera pafupifupi makilogalamu 6 n'kuikapo la lithium la kilogalamu imodzi ndi theka.

"Alamu," adatero iye, "kuno kupepuka si nkhani yamasewera, chifukwa chombo chikatitimira m'chipale mumachizula ndi manja anu omwe. Koma chimene ndalikondera kwambiri batireli n'chakuti chombocho chimakhala m'shedi miyezi yonse yotentha osagwira ntchito, ndipo ndikadzachitulutsa ndimapeza moto ukadalimo. Musamale ndi kuzizira kokha, chifukwa m'mawa mukazizira batire limeneli limadzuka mwaulesi."

Mawu akewo ndidawamva mbali imodzi. Ndidagwira za kupepukazo, pamene zofunika kwa munthu wa ku Harare zidali ziwiri zinazo.

Ndi bwino kudziwa kusiyana kwa mabatire awiriwa, chifukwa zambiri zimene ndikufotokoza pano zimachokera pamenepo. Batire la asidi ndi luso lakale, limene Gaston Planté wa ku France adatulukira mu 1859. M'kati mwake muli maselo asanu ndi limodzi okhala ndi mbale za mtovu zomizidwa mu asidi, selo lililonse limatulutsa mavolti pafupifupi 2.1, ndipo batire lodzaza bwino limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Kulemera kwake kumachokera ku mtovuwo. Batire la lithium loyenera njinga yamoto ndi la mtundu umene amaulemba kuti LiFePO4, kutanthauza kuti muli lithium, chitsulo ndi phosphate. Mtundu umenewu udadziwika mu 1997 kudzera mu kafukufuku wa gulu la John Goodenough pa University of Texas, ndipo mkulu ameneyu adadzakhala mmodzi mwa atatu amene adalandira mphoto ya Nobel mu 2019 chifukwa cha ntchito yawo pa mabatire a lithium. Batire lotere lili ndi maselo anayi a mavolti 3.2, amene pamodzi amakwana 12.8, ndipo limalola kutchajidwa mpaka 14.6. Njinga yamoto yabwinobwino imapereka moto wa pakati pa 14 ndi 14.5 ikamayenda, ndiye kuti muyezo wake umagwirizana ndi batireli popanda kusintha nthambo. M'mabatire abwino mumakhalanso kabolodi kotchedwa BMS, kamene kamadula moto batire likatsika kwambiri kapena likalandira moto wopyola muyezo.

Langa ndidaligula pa madola 85 m'shopu ina ya m'tauni, cha kufupi ndi Kaguvi Street kumene kuli ogulitsa zipangizo za magalimoto ambiri. Pa za shopuyo ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula. Mnyamata wogulitsa adandilola kutsegula katoni, adapima batirelo ine ndikuona n'kupeza mavolti 13.2, ndipo m'katonimo mudali mabawuti atsopano ndi timasiponji tomata toti batire likhazikike m'malo mwake. Komabe sadandifunse kalikonse kokhudza njinga yanga, ngakhale mtundu wake, ndipo pakamwa adandilonjeza kuti batirelo lidzakhala zaka zisanu pamene pa lisiti adalemba chitsimikizo cha miyezi isanu ndi umodzi yokha. Sadatchule za tchaja, sadatchule za kuzizira, ndipo pepala la malangizo lidali lazilembo zing'onozing'ono zovuta kuwerenga. Katundu wa mtengo woterewu, amene angawonongeke pa sabata imodzi akamangidwa pa njinga yolakwika, sayenera kugulitsidwa ngati mmene agulitsira babu la indiketa.

Chidandipulumutsa n'chakuti sindidalimange ndekha. Ndidapita nalo kwa makaniko wanga ku Mabvuku, bambo wachikulire amene makolo ake adachokera ku Dedza, ndipo ngakhale si wachibale ndimawatchula kuti amalume. Adalitembenuza m'manja kangapo, n'kulibweza m'katoni.

"Mphwanga, usathamangire kumanga batire la ndalama zambiri chotere pa njinga imene sitidaipime," adatero. "Tiye tione kaye moto umene ikutulutsa."

Adabwereka batire la asidi pa njinga ina imene inkadikira kukonzedwa, n'kulimanga pa yanga, kenako adagwiritsa nthambo za mita pa mitu iwiri ya batirelo ndipo adandiuza kuti ndilize injini. Injini ikulira pang'onopang'ono mita idaonetsa 13.5, koma nditakoka moto manambala adayamba kukwera: 14.6, kenako 15.1, mpaka kukaima pa 15.6. Amalume adandikodola kuti ndiwerame ndione ndi maso anga.

"Taona apa. Mabatire ako onse aja sadafe okha ayi, adachita kuphikidwa."

Chidawonongeka chidali rekitifaya, kachitsulo kokhala ndi zipsepse kamene kamalandira moto wochokera ku koyilo ya m'injini, n'kuusandutsa moto woyenera batire, komanso kuuletsa kuti usapyole muyezo. Batire la asidi likamalandira moto wochuluka limapirira kwa miyezi ndithu, koma madzi a m'kati mwake amasanduka mpweya n'kumatuluka, ndipo n'chifukwa chake anga aja ankaphwa msanga ndi kuchita ufa pa mitu. Batire la lithium lilibe madzi oti liwononge podziteteza. Likakhala ndi BMS yabwino limangodula moto, koma likakhala lopanda chitetezo chokwanira maselo ake amatentha, amatupa, ndipo limatheratu. Tidagula rekitifaya yatsopano pa madola 12, ndipo titapimanso mita idakhazikika pa 14.3 ngakhale ndikoke moto motani. Aliyense amene akuganiza zosintha batire ayambe wapima njinga yake chonchi. Ndi ntchito ya mphindi zisanu, ndipo mwina adzapeza kuti sakufunikira n'komwe batire la lithium.

Tisanamange, tidabwereka sikelo kwa mayi wina wogulitsa nyemba ndi matemba pafupi ndi galajayo. Batire lakale lidalemera makilogalamu 2.4, pamene latsopano lidalemera magalamu 700. Ukalinyamula umachita kukayika ngati m'kati mwake muli kanthu. Popeza ndi laling'onoko kuposa lakale, linkagwedezeka m'bokosi mwake, ndipo amalume adamata timasiponji tija pansi ndi m'mbali mpaka lidakhala nganganga, kenako adamanga lamba wake mothinitsa. Izi siziyenera kuchitidwa mwachisawawa, chifukwa batire logwedezeka m'maenje a nyengo ya mvula limamasula mabawuti ndipo lingathe kuthyola nthambo.

Pa za kupepukako, kumene ogulitsa amatamanda kwambiri, ndinene mosabisa kuti sindidapindule nako kalikonse. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 1.7, osakwana n'komwe kulemera kwa malita awiri a madzi, pa njinga yolemera makilogalamu oposa 100, imene imanyamula ine ndi bokosi la katundu kumbuyo. Ndimalemba petulo amene ndagula tsiku lililonse m'kabuku, ndipo sindidaone kusintha kulikonse. Kwa mlamu wanga, amene adachotsa makilogalamu anayi ndi theka pa chombo chimene amachizula ndi manja, kupepukako kuli ndi tanthauzo, ndipo chimodzimodzinso kwa anthu a mipikisano. Kwa wonyamula katundu mu Seke Road, imeneyi si mfundo yogulira batire.

Phindu lenileni ndidaliona pa sitata. Tsiku loyamba lomwe, nditangokhudza batani injini idalira nthawi yomweyo, ndipo kaliridwe ka sitatayo kadali kamphamvu kuposa mmene ndinkakadziwira. Chochititsa chidwi n'chakuti pofika madzulo, nditaima malo 30 kapena kuposerapo, sitata imalira chimodzimodzi ndi m'mawa. Batire la lithium limalandira moto mofulumira, moti ngakhale ulendo waufupi wochokera ku Graniteside kukafika m'tauni umakwanira kubweza zimene sitata idakoka. Silitsikanso mavolti kwambiri pamene sitata ikukoka, kotero moto wa pa pulagi umakhala wokwanira. Pa miyezi 20 yonseyi sindidathireko madzi, sindidapaleko ufa pa mitu, ndipo mabawuti ake akadali oyera ngati atsopano. Batireli lilibe asidi woti n'kutayikira pa chitsulo cha njinga kapena pa buluku, zimene zidandiwonongera zovala kangapo m'mbuyomu.

Ubwino womwewo uli ndi mbali yake yoopsa. Batire la asidi limachenjeza likamatha: nyali imachita chizirezire, hutala imasasa mawu, sitata imakoka mwaulesi, ndipo munthu amadziwa kuti nthawi yakwana. La lithium limakhala cha pa mavolti 13 pafupifupi nthawi yonse, lodzaza kapena lotsala pang'ono kutha, kenako limagwa mwadzidzidzi. Izi ndidaziphunzira mowawa mu Epulo wa chaka chatha.

Azakhali anga adamwalira ku Ntcheu, ndipo ndidakwera basi yodzera ku Nyamapanda ndi ku Tete kupita kumaliro. Ndidakhalako masabata atatu. Njinga ndidaisiya m'nyumba mtima uli m'malo, pokumbukira mawu a mlamu wanga akuti batire lotere limasunga moto kwa miyezi. Nditabwerera, m'mawa wake ndili ndi katundu wa anthu woti ndikatenge ku Msasa, ndidatembenuza kiyi koma ngakhale kanyali kobiriwira ka nyutilo sikadayake. Ndidakankha njinga mpaka kwa amalume, ndipo mita idaonetsa nambala yoyandikira ziro. Mtima wanga udasweka, poganiza kuti madola 85 aja alowa m'madzi pa miyezi isanu ndi umodzi yokha.

Amalume sadatekeseke. Adandifunsa kuti, "Kodi ka tracker kaja udakachotsa?" Ndidali ndisadakachotse. Pa njinga yanga pali kachipangizo kolondolera kumene njinga ili ikabedwa, ndipo kamadya moto usana ndi usiku ngakhale kiyi atachotsedwa. Titakapima pambuyo pake tidapeza kuti kamakoka moto wa pafupifupi 12mA, zimene pa maola 24 zimakwana pafupifupi 0.3Ah (Ah ndi muyezo wa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga kapena kutulutsa). Apa m'pamene ndidawerenga bwino zolembedwa pa batire langa. Zilembo zikuluzikulu zikunena kuti limalowa m'malo mwa batire la 7Ah, ndipo zimenezi n'zoona pa nkhani ya mphamvu yotembenuzira injini. Koma m'munsi mwake, m'zilembo zing'onozing'ono, mwalembedwa 38Wh, muyezo wa mphamvu yonse imene batirelo limasunga, ndipo mukagawa 38 ndi mavolti aja 12.8 mumapeza kuti nkhokwe yeniyeni ya batirelo ndi pafupifupi 3Ah basi. Choncho kachipangizo kaja kadamaliza moto wonse pa masiku khumi okha, ndipo BMS idadula kuti maselo asawonongeke. Mlamu wanga sadaname, koma chombo chake chimakhala m'shedi nthambo ya batire itachotsedwa. Mwa zonse zimene wogulitsa uja adayenera kundiuza, iyi ndiyo idali yaikulu, chifukwa ambiri a ife onyamula katundu tili ndi tracker kapena alamu, ndipo ena amatchajiranso foni pa njinga injini ili chithimire.

Kulidzutsa batirelo kudafunanso nzeru. Mnansi wanga adabwera ndi tchaja yake ya galimoto mwa mtima wabwino, koma amalume adaikana. Matchaja ambiri a mabatire a asidi ali ndi gawo lokonzera batire lofooka, limene limaponya moto woposa mavolti 15 pofuna kusungunula zokakamira pa mbale za mtovu, ndipo moto wotere umawononga maselo a lithium. Adakananso zoti tilumikize ku batire la galimoto, ponena kuti batire limene latsikiratu liyenera kulandira moto pang'onopang'ono poyamba. Ndidabwerera m'tauni kukagula tchaja yopangidwira LiFePO4, imene imatha kudzutsa BMS ikadula, pa madola 30. Tsiku limenelo magetsi adali atathima, ndipo adayaka cha m'ma 10 koloko usiku. Ndidakhala pampando ndikuyang'anitsitsa kanyali kofiira ka tchajayo, mpaka patapita maola awiri kadasanduka kobiriwira. M'mawa mwake njinga idalira ndi kukhudza kumodzi, koma ndidali nditataya tsiku lathunthu la ntchito.

Chenjezo lina la mlamu wanga lidakwaniritsidwa mu Julayi. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi m'bandakucha kumazizira kwambiri, moti masiku ena udzu wa m'madambo umayera ndi chisanu. Njinga yanga nthawi imeneyo inkagona pakhonde. Tsiku lina cha m'ma 5 koloko m'mawa ndidakhudza batani, ndipo sitata idatembenuka mwaulesi ngati batire latha. Ndidakumbukira malangizo amene mlamu wangayo adandipatsa: ndidayatsa nyali yakutsogolo kwa pafupifupi mphindi imodzi, ndidaithimitsa, n'kuyesanso. Ulendo wachiwiri sitata idakoka mwamphamvuko, ndipo wachitatu injini idalira. Kwa munthu wozolowera batire la asidi zimenezi zimaoneka zosemphana ndi nzeru, chifukwa la asidi ukaliyesa kawiri katatu limanka lifooka. La lithium likazizira moto umayenda movutikira m'kati mwake, koma likayamba kugwira ntchito limadzitenthetsa lokha n'kupeza mphamvu. Pa njinga zina zing'onozing'ono nyali yakutsogolo siyaka injini isanalire, chifukwa imatenga moto ku koyilo mwachindunji. Pa zoterozo munthu angathe kuponda buleki kuti nyali yakumbuyo iyake, kuyatsa maindiketa, kapena kukhudza sitata kwa masekondi awiri atatu n'kudikira pang'ono.

Chinthu chimene batire la LiFePO4 silifuna n'kutchajidwa litazizira kufika pansi pa madigiri 0, chifukwa pamenepo lithium amakakamira m'kati mwa selo m'malo molowa mmene ayenera kulowa, ndipo kuwonongeka kwake sikubwezeka. Ku Alberta, kumene kuzizira kumafika madigiri 30 pansi pa ziro, imeneyi ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku kwa eni snowmobile. Kuno ku Harare sizichitika kawirikawiri, komabe amene amakhala kumapiri a ku Nyanga kapena m'mafamu a cha ku Marondera ndi bwino azigoneka njinga m'nyumba m'miyezi yozizira. Ine kuyambira tsiku lija ndimailowetsa m'khichini.

Ndiyenera kuchenjezanso za mabatire ena amene amagulitsidwa motchipa m'dzina la lithium. Mnzanga wina adandionetsa lake limene adagula pa mtengo wosakwana theka la wanga, ndipo amalume atalitsegula tidapezamo maselo ozungulira ngati a m'batire la laputopu, olumikizidwa atatuatatu n'kukulungidwa ndi tepi. Maselo otere ndi a mavolti 3.7 ndipo malire ake ndi 4.2, kutanthauza kuti atatu pamodzi sayenera kupyola 12.6. Njinga ikamawapatsa 14.3, selo lililonse limalandira pafupifupi 4.8, ndipo mtundu umenewu ndi umene umayaka moto ukatchajidwa mopyola muyezo. Kumbukirani kuti batire la njinga limakhala pansi pa mpando, pafupi ndi paipi ya petulo. Mtundu wa LiFePO4 umapirira kutentha kuposa enawo, ndipo ndi wokhawo umene ndingalole pa njinga yanga. Pogula yang'anani kuti palembedwa LiFePO4 ndi 12.8V, koma mukaona 11.1V kapena 14.8V, libwezeni pashelefu.

Pa nkhani ya ndalama ndikufuna kunena chilungamo. Batire, rekitifaya ndi tchaja zidanditengera madola 127. Tikachotsapo rekitifaya, imene inkafunika mulimonse, patsala madola 115, ndalama zogulira mabatire a asidi anayi n'kutsalako zina. N'zoona kuti kale ndinkagula batire miyezi isanu ndi inayi iliyonse ndipo tsopano ndatha miyezi 20 osagula, koma sindinganene kuti zonsezi ndi chifukwa cha lithium, popeza mabatire akale aja ankaphedwa ndi rekitifaya. Amalume amati batire la asidi labwino likadatha kukhala chaka ndi theka kapena zaka ziwiri pa njinga yokonzedwayi. Ngati zili choncho, la lithium liyenera kukhala zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo kuti libweze ndalama zake. Chimene ndidagula ndi ndalama zowonjezerazo ndi kudzuka m'mawa osaganiza za batire, komanso kusaponda kiki pageti la kasitomala, ndipo pa ntchito imene munthu ukachedwa kasitomala amaitana wina, zimenezi kwa ine n'zamtengo wake. Palinso kusiyana kwina kwakung'ono: batire lakale ndidaligulitsa kwa anyamata ogula zitsulo amene amazungulira m'makomboni, chifukwa mtovu umasungunulidwa n'kugwiranso ntchito, koma nditawafunsa za la lithium adati limenelo sagula.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza ndikamayang'ana batire limeneli. Pa chikwangwani chake palembedwa kuti lidapangidwa ku China, pamene kuchokera kwathu ku Mabvuku si patali kukafika ku mgodi wa lithium wa Arcadia, m'boma la Goromonzi, makilomita pafupifupi 38 kum'mawa kwa Harare. Mgodi umenewu udagulidwa mu 2022 ndi kampani ya ku China ya Huayou Cobalt pa madola 422 miliyoni, ndipo chaka chomwecho kampani inanso ya ku China ya Sinomine idagula mgodi wakale wa Bikita m'chigawo cha Masvingo. Mu Disembala 2022 boma lidaletsa kutumiza kunja miyala ya lithium yosakonzedwa, pofuna kuti ntchito ina yoyenga izichitikira konkuno. Ndakumanapo kambiri ndi malole olemera mu Mutare Road akulowera njira ya ku doko la Beira, ndipo ndimalakalaka tsiku limene batire lotere lidzapangidwe m'dziko muno, kuti mnyamata wongoyamba kumene ntchito yathuyi asamalipire mtengo wa ulendo wopita kutsidya la nyanja ndi kubwerera. Ambiri mwa agogo athu adabwera kuno kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu, ndipo nkhani ya chuma cha pansi pa nthaka chimene chimatuluka chotchipa n'kubwerera chodula si yachilendo m'makutu mwathu.

Anzanga akandifunsa ngati agule, ndimayamba ndawafunsa za njinga yawo ndi mayendedwe awo. Amene amaima ndi kuliza injini kambirimbiri pa tsiku ngati ine, kapena amene njinga yawo ilibe kiki ndipo imadalira sitata yokha, ndimawalimbikitsa kugula, bola ayambe apimitsa rekitifaya, asankhe batire lokhala ndi BMS, agawe nambala ya Wh ija kuti adziwe nkhokwe yeniyeni, ndipo asunge ndalama ya tchaja yake. Amene amayenda maulendo ataliatali osaimaima, ali ndi kiki yogwira bwino ndipo ndalama n'zoperewera, ndimawauza kuti akonze zamagetsi za njinga yawo n'kupitiriza ndi batire la asidi. Mnzanga wina wa ku Tafara adapita kukapimitsa yake atamva nkhani yangayi, adapeza 15.2, adasintha rekitifaya, ndipo batire lake la madola 25 likadagwirabe ntchito mpaka lero.

Lamlungu lapitali ndidapimanso langa, njinga itagona usiku wonse, ndipo mita idaonetsa 13.2, nambala yomwe ija ya tsiku limene ndidaligula. Kuzizira kwa chaka chino kwayamba kale, ndipo m'mawa uliwonse ndimayatsa nyali kaye pamene ndikumanga bokosi la katundu. M'kathumba ka zipangizo ndidaikamo sipanala ya 10, yomasulira nthambo yakuda ya batire nthawi iliyonse imene njinga ikhale masiku oposa anayi osayenda.